Dengu la Che Ndembo

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, kuti wofuna kuseka asekeretu tisanafike pankhani. Ine ndinakula, ndinamera ndevu, ndinakwatira kutchalitchi mabelu akulira, ndikukhulupirirabe kuti munthu wofunsa funso amakhala akudziwa yankho lake. Ndinkati munthu akaima kutsogolo, pepala m'manja, nsidze atakweza, n'kunena kuti "tayankha," ndiye kuti m'mutu mwake mwadzaza ngati nkhokwe ya chaka chabwino. Musaseke mopitirira. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, ndipo kumeneko wofunsa ankagwira mkwapulo. Munthu wa mkwapulo sumufunsa ngati iyeyo akudziwa.

Amene anandichotsa uchitsiru umenewu ndi Che Ndembo, wokhoma zidebe pamsika wa thonje kwathu ku Rivirivi, kuno ku Balaka. Anamwalira kalekale, Azungu asanachoke. Mwezi wathawu adzukulu awo anachita sadaka yowakumbukira kwawo ku Ntaja, ndipo atafufuza anapeza kuti mwa anthu amene anawaona ndi maso, amene miyendo ikumulolabe kukwera minibasi ndine ndekha. Ndinapita. Mkatolika ine, kukhala pamkeka pakati pa mashehe, kudya mpunga wa sadaka. Ambuye andikhululukire, ndinawonjezera mbale yachiwiri.

Mapemphero atatha, alendo atamwazikana, Asiyatu, mdzukulu wawo amene nayenso ali ndi adzukulu ake, anayatsa TV ya batire pakhonde. Munali mpikisano wa mafunso: bambo wa tayi ataima, anthu atatu atakhala ngati odikira jakisoni. Apabanjapo anayamba kudandaula.

"Aaa, auwononga mpikisanowu," anatero Asiyatu. "Kale ankalowa aliyense, ngakhale wa kabaza. Pano ati a sukulu okhaokha."

"Ndi nthawi yomwe aidula," anayankha amuna ake. "Munthu asanameze malovu, belu lalira."

"Nanga mafunso? Theka lonse ndi lotamanda kampani yopereka mphatso."

Ine ndinamvetsera, kenaka ndinati, "Pepani eni nyumba, nanga wa tayiyo amufunsa nthawi yanji?"

"Ndani, anganga?"

"Wofunsayo. Akhala pansi liti kuti nayenso ayankhe?"

Anaseka mpaka wina anatsamwa tiyi. "Anganga, iyeyo ndiye wofunsa!"

Ndinapsa mtima. Pakhonde la mbumba ya Che Ndembo, tsiku la sadaka ya Che Ndembo, magazi a Che Ndembo kuseka funso limenelo! Ndinawafunsa ngati anamvapo za dengu. Anati amadziwa kuti agogo awo ankakhoma ndowa. Ndowa! Zili ngati kunena kuti njovu ndi nyama ya mchira waufupi. N'zoona, koma wasiya njovu yonse.

Anali munthu wamfupi, wa mzuli wofiira umene dzuwa linausandutsa mtundu wa njerwa. Chala chawo chachikulu chakumanzere chinali chaphwatalala ngati supuni chifukwa cha hamala. Ankanunkha palafini ndi mtovu. Akakumana nawe sankayamba kukuyang'ana kumaso, ankayang'ana manja ako, ati nkhope imanama kuyambira m'mawa koma manja alibe nthawi yonama. Anawoloka Shire ine ndili wamng'ono, kutsatira thonje, poti kumene alimi agulitsa thonje akazi amafuna ndowa. Anakhazika zipangizo zawo pansi pa mtengo wa bwemba, pafupi ndi shedi ya sikelo. Chinyanja chawo chinkakoka Chiyawo kumbuyo ngati mbuzi yokoka chingwe, ndipo iwo ankaitana aliyense kuti Che, ngakhale galu wa kapitawo.

Pamsika wa thonje ntchito yaikulu inali kudikira. Umafika tambala atangolira, sikelo n'kukufikira dzuwa litapendeka. Anthu otopa, anjala, atakhalira mitolo yawo, amayamba kukumbutsana za malire a minda, ndipo sipachedwa kuuluka chibakera. Che Ndembo ankati phokoso la ndewu limawasokoneza pokhoma, ngati kuti kukhoma zidebe ndi pemphero. Ndiye Loweruka lina anatenga dengu, analivundikira ndi nsalu yakuda, anagadamiza debe la palafini, naitana munthu woyamba kuti akhalepo.

Malamulo ake anali apafupi moti ngakhale woledzera ankawasunga. Ukhale pa debe. Upise dzanja pansi pa nsalu, osasuzumira, osanunkhiza. Chimene wagwiracho unene zitatu: n'chiyani, chimapezeka kuti, ntchito yake n'chiyani. Woweruza si Che Ndembo, ndi khamu. Khamu likati walasa, walasa. Likagawanika, mukangane mpaka mumvane, nthawi ilipo, sikelo ikadali kutali. Ukalasa zinthu zitatu, kapu kapena koloboyi ndi yako, yokhomedwa pomwepo uli kuona. Ankakhalapo aliyense: mkazi, mwamuna, Myawo, Mngoni, Mlomwe wongofika dzana. Uyankhe m'chiyankhulo cha amayi ako, pamsika sipasowa womasulira. M'dengumo munkalowa makungwa, mbewu, nthenga, mizu, chitsulo chogwa pa sitima. Ine tsiku langa loyamba ndinagwira timibulu tosalala, ndinalengeza mokweza kuti ndi nsatsi, amayi amayengera mafuta. Nsalu itachotsedwa tinali timibulu ta ndowe za mbuzi. Chaka chathunthu anthu ankandifunsa ngati mafuta aja ndayenga.

Koma lamulo lalikulu, limene adzukulu aja aseka, linali lomaliza. Wopambana anali ndi ufulu wonena mawu awiri: "Ndikubweza dengu." Akatero, iye ndiye amaikamo chinthu, ndipo wofunsa amakhala pa debe. Wofunsa akalephera, akalime tsiku lathunthu m'munda mwa wopambanayo. Mawu awiriwo ankanena wopambana yekha. Wofunsa sakanatha kuwaletsa, sakanathanso kudziitanira. Che Ndembo ankati funso loyenda njira imodzi si masewera, ndi mlandu, ndipo wofunsa amene safunsidwa ndi wapolisi ngakhale atavala mkanjo.

Kugonja kwawo kumene anthu ankakamba ngakhale pamaliro kunali kwa Nachisale, mayi wamasiye wapakamwa pakuthwa, wophika mowa kutsidya kwa mtsinje. Anapisa katatu, katatu konse analasa. Koloboyi anamukana.

"Nyali ndili nayo kunyumba," anatero. "Ndikubweza dengu."

Loweruka linalo Che Ndembo anakhala pa debe, anapinda mkono wa mkanjo, anapisa. Tinaona nkhope ikusintha. Munali mikanda ya m'chiuno. Dzina lake analidziwa, mwamuna wamkulu ndani angaiphonye? Koma mayankho ndi atatu, ndipo kutsogolo kwenikweni kunakhala shehe, ana a sukulu, ndi akazi awo Abiti Saidi atapinda manja pachifuwa.

"Nanga, Che Ndembo," anatero Nachisale, "chimapezeka kuti chimenecho?"

Che Ndembo anakonza mzuli wawo ndi dzanja linalo.

"Chabwino, tidumphe. Ntchito yake?"

Anayang'ana akazi awo. Anayang'ana shehe. Anayang'ana masamba a bwemba ngati yankho lalembedwa kumeneko. Kenaka anatulutsa dzanja.

"Amayi, munda wanu uli mbali iti?"

Analima Lolemba lonse, Nachisale atakhala pachulu kuwalozera pamene asiya udzu. Anabwerako ndi matuza m'manja, akuseka. Ankati tsiku limenelo ndiye masewera awo anamera mano, chifukwa anthu anaona kuti msana wa wofunsa nawonso umapindika.

Okangana nawo sankasowa. Shehe anawaletsa kuchita zimenezi Lachisanu, anamvera. Mphunzitsi wathu wa katekisimu analalikira kuti dengu lovundikira ndi ula wa asing'anga, Mkhristu asapiseko dzanja. Che Ndembo anamutumizira uthenga woti abwere adzagwire yekha Satanayo, akamutchula dzina ndi kumene amapezeka alandira kapu. Sanabwere, koma mkazi wake anapambana koloboyi mwezi womwewo. Adani oterewa sanaliwononge dengu. Analiwononga ndi abwenzi, obwera akumwetulira, aliyense atanyamula kokonza kake.

Woyamba anali mwini sitolo ya pafupi ndi siteshoni. Anati kapu ya chitini ndi mphatso yochititsa manyazi, iye azipereka sopo ndi mchere, bola chinthu chimodzi mwa zitatuzo chizichokera m'sitolo mwake. Che Ndembo anavomera, poti anthu ankaufuna mcherewo. Koma tandiuzani, munthu aphunzira chiyani pogwira sopo? "Chimapezeka kuti?" Khamu lonse: "Kusitolo!" Mwini sitolo kumwetulira, ndiye zimene ankafuna. Atafuna kuti zikhale ziwiri mwa zitatu, Che Ndembo anagula nsalu m'sitolo momwemo, anaichapa kamodzi, naiika m'dengu. Wopisa anaisisita, anaikoka, nanena molimba mtima kuti ndi sefa yosefera ufa. Khamu linati walasa. Mwini sitolo anakwiya mwezi wathunthu, koma anabwerera, ndipo sopo anakhalabe m'dengu mpaka mapeto.

Wachiwiri anali Kopolo Jafali, amene anabwera kuchokera kunkhondo ndi wotchi pamkono ndi wezulo pakhosi, n'kusowa woti azimuimbira. Anati masewerawa akuchedwa, kunja kumene iye wayenda chilichonse chili ndi nthawi yake. Achinyamata tinamuwombera m'manja, ine ndemwe, mutu wanga wa nsatsi uja. Che Ndembo anakana kwamtuwagalu. Ankati nzeru za mlimi zimayenda wapansi, sizikwera sitima; munthu wamkulu akagwira khungwa amayamba wakumbuka kumene analiona, ndi amene anali naye, ndi matenda amene linachiza, ndipo yankho limabwera pambuyo pa zonsezo ngati mwini ng'ombe. Anakangana masabata atatu. Anagwirizana zoti wezulo azilirira okhawo opanda imvi. Koma wezulo alibe maso. Chaka chisanathe ankalirira aliyense, ndipo nkhalamba zimene zinkadziwa mizu yonse ya m'mbali mwa Rivirivi zinaleka kukhala pa debe. Ndani afuna kuimbiridwa wezulo ngati galu pamaso pa apongozi ake?

Achitatu ndiwo anamaliza. Itatha njala yaikulu ija ya 1949, boma linaganiza kuti tinafa ndi njala chifukwa sitidziwa kulima. Mvula imene inakana kugwa sanaiimbe mlandu, poti mvula sungaitsekere m'ndende. Kunabwera malamulo a malimidwe: mizere paliponse, yotalikirana mofanana, yotseka m'mbali kuti madzi asathawe. Wosamvera ankamuzulira mbewu, wina kumutengera kukhoti. Anabwera nazo ndi Mzungu wina wamtali amene tinamutcha Bwana Mizere, ndi mlangizi wake a Nelesoni, mwana wa m'tauni, kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo, manja osalala ngati a mwana wobadwa dzulo. Che Ndembo atawayang'ana manjawo anangoti, "Che Nelesoni, mwadwala nthawi yaitali?"

Misonkhano yawo kunkapita anthu owerengeka, okokedwa ndi amesinjala. Pansi pa bwemba pankadzaza osaitana. Ndiye anati masewerawa ndi abwino, angofunika kukonza pang'ono. Mverani kukonza pang'onoko. Debe analichotsa, anaika benchi. Dengu analichotsa, anaika makadi. Anabweretsa tebulo, belu, ndi galimoto ya chimkuzamawu. Wolowa mpikisano alembe yekha dzina lake m'buku. Pamenepo akazi onse anathera panja, pamodzi ndi amuna ophunzira kumadarasa, poti a Nelesoni anati zilembo zachiarabu ndi mapazi a nkhuku. Kuyankha m'Chinyanja cha m'buku basi. Khamu likhale kuseri kwa chingwe, lisatsegule pakamwa. Yankho ndi limodzi, lolembedwa kuseri kwa khadi. Wopambana Loweruka lililonse adikire tsiku lotsekera msika, adzapikisane ndi anzake, mphatso bulangete. Analitcha dzina lalitali la ulimi wabwino, koma anthu ankangoti "tiyeni kudengu," ngakhale dengu panalibe.

Ndikumbuka Che Mdoka, mlimi wa thonje amene anayamba kulima a Nelesoni asanabadwe. Dzina lake anaphunzira kulemba mwezi wathunthu kuti alowe nawo. Anamufunsa kuti mizere italikirane bwanji.

"Zitengera dothi lake, mwanangu," anayankha. "Kumtunda kwa mchenga n'kwina. Koma kudambo kuli makande, dothi lakuda lija losunga madzi. Mukatseka mizere pamenepo madzi amaima, mizu ya thonje imawola, ndiye..."

Ngee! Belu. Walakwa. Khadi likuti mapazi atatu.

Pano ndiwakalipireko nawonso Che Ndembo, ngakhale ali kumanda. Anavomereranji? Akanatha kunyamula dengu lawo n'kukakhala pansi pa mtengo wina. Koma munthuyo ankakonda khamu ngati ntchentche pa uchi, ndipo anawapatsa jekete. Jekete la mabatani owala, kuti aziima pambali pa tebulo, azilonjera anthu pa chimkuzamawu, kenaka akhale chete. Mwini masewera kusanduka belu lachiwiri! Chimodzi chokha anachigwiritsa. Anauza Bwana Mizere pamaso pa anthu kuti dzina lawo ndi khamu lawo apereka, koma tsiku lotsekera msika wopambana akhale ndi ufulu wake wakale wobweza dengu kwa wofunsa. Mzunguyo anaseka, anati chabwino, wopambana akafuna. A Nelesoni sanalembe zimenezo m'buku.

Ku Ntaja ndinafotokoza zonsezi, adzukulu atazimitsa TV yawo. Koma nditafika apa ndinatsokomola n'kudumpha. Papepala pano sindidumpha.

Mafunso onse ankachokera m'kabuku kamodzi ka malimidwe, ndipo ine, ndi Sitandade 2 yanga, ndinakaloweza ngati katekisimu. Ndinafika nawo tsiku lomaliza. Dzulo lake masana Che Ndembo anandipeza ndikusoka thumba pakhomo panga.

"Che Domi, mawa mupambana ndinu."

"Mwadziwa bwanji?"

"Mutu wanu ndi wopanda kanthu, ndiye za m'kabuku zalowamo zonse osathithikana. Anzanuwo amadziwa kulima, ziwasokoneza."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Mukapambana, mawu ndi awiri. Dengu ndibwera nalo ine, zoikamo anthu asonkha kale. Ife sitikufuna kumenya munthu. Tikufuna agwire dothi lathu ndi dzanja, atiuze pamaso pa anthu kuti mizere yotseka ichita chiyani pa makande. Akalephera, mwina aleka kutizulira mbewu kudambo. Mawu awiri, Che Domi. Ngakhale mbuzi imakwanitsa."

Ndinalonjeza. Ndinalumbira ndithu, kutchula ndi oyera mtima amene iwo sankawadziwa.

M'mawa mwake msika unadzaza kuposa masiku onse. Akazi anaima kuseri kwa chingwe, pakati pawo mkazi wanga Matilida, mwana wathu woyamba Lusiya ali kumsana. Tisanayambe, a Nelesoni anandikokera kuseri kwa galimoto, akumwetulira.

"A Dominiko, dzana ndinadutsa m'munda mwanu mwa kudambo. Mizere sindinaione. Kapena ndi maso angawa, dzuwa linali loswa mtengo. Lero tisachite zachibwana pamaso pa bwana, eti? Maso anga angachire."

Ndinapambana. Funso lomaliza linali loti titchule mdani wamkulu wa thonje, ndipo ndinayankha belu lisanaganize n'komwe: mbozi yofiira, imene imaboola chibalobalo cha thonje n'kudya m'kati. A Nelesoni anafotokoza za mboziyo pa chimkuzamawu nthawi yaitali, ndi dzina lake lachingerezi lomwe. Bwana Mizere anandipatsa bulangete lotuwa la mizere yofiira, lolemera bwino. Anthu onse aja ankadziwa chimene akudikira. Ndinamva maso awo pamsana ngati nyerere. Ndinayang'ana bulangete, ndinaganiza za thonje langa lozulidwa ndi mwana wa kumsana uja, ndipo mawu awiri aja ndinawameza.

Che Ndembo anadikira. Anadikira nthawi imene munthu wamkulu amatenga pogwira khungwa. Kenaka anachita chimene sanachitepo chiyambire: anaswa lamulo lawo lomwe. Anavula jekete, anatulutsa dengu pansi pa ziwiya zawo, anagadamiza debe patsogolo pa tebulo.

"Che Nelesoni, mwafunsa miyezi itatu. Takhalani."

Mzungu anaona ngati ndi nthabwala yotsekera msika. Anakodola mlangizi wake kuti akhale. A Nelesoni anayala mpango pa debe kuti kabudula asade, anapisa dzanja ngati akupisa m'chimbudzi. Mwadzidzidzi analumpha, debe linagubuduka.

"Njoka! Mwaika njoka!"

Che Ndembo anachotsa nsalu pang'ono, natulutsa chibalobalo cha thonje chobooka, kambozi kofiira kakusuzumira pabowo, kakang'ono ngati kachala ka khanda.

"Ndi mnzanu uja mumamutchula m'Chingerezi, Che Nelesoni. Simunadziwane?"

Chingwe chinaduka ndi kuseka. Amayi ankagwirana mapewa, Che Mdoka anagwa pa mtolo wake akupukuta misozi. Ine pamenepo, bulangete m'manja, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti munthu angathe kufunsa funso miyezi itatu osadziwa chimene akufunsacho ngakhale chitamuyenda pachala. Bwana Mizere naye anaseka mpaka kufiira makutu. Koma Che Ndembo anadzutsa debe lija, analipukuta ndi mkono wa mkanjo, nalisunthira kwa Mzunguyo.

"Bwana, chatsala chimodzi. Ichi n'chanu, poti makadiwa analemba ndinu."

Kuseka kunazima ngati mwathira madzi pamoto. Mzungu anayang'ana debe, anayang'ana khamu limene linali litadutsa kale chingwe. Sanali wopusa. Anakumbuka mawu ake, anakumbukanso pamene mawuwo anathera. Anatembenukira kwa ine, nayankhula Chinyanja chake chopunduka, pa chimkuzamawu, kuti aliyense amve.

"Ine ndinati wopambana akafuna. Iwe wopambana, wafuna dengu?"

Anthu inu, chimkuzamawu chimakuza zinthu. Ndinayankha motsitsa, mawu oti amve iye yekha, koma anamveka mpaka kumtsinje.

"Iyayi, bwana."

Basi. Popeza wopambana sanafune, zimene anachita Che Ndembo sizinalinso masewera, zinali kusokoneza msonkhano wa boma. Amesinjala awiri anawagwira mikono. Dengu linagwa, ndipo chimene chinali m'katimo chinagubudukira pansi pa tebulo: chibuma cha makande chonyowa, muzu wa thonje wowola uli m'kati mwake. Palibe anachitola. Mzungu sanachiyang'ane n'komwe.

Sanawatsekere. Anangowauza kuti msika wa thonje ndi wa thonje, zidebe akakhomere kwina. Patapita masiku awiri anamanga hamala, lumo la malata ndi mtovu wawo m'chiguduli, Abiti Saidi atasenza mphasa, ulendo wobwerera ku Ntaja. Jekete analisiya litapachikika panthambi ya bwemba, ndipo linakhala pomwepo mpaka mvula inaliwoletsa, poti ngakhale mbala inachita nalo manyazi. Njira yawo inadutsa pakhomo panga. Ndinatuluka, ndinawalonjera. Anaima, anandiyang'ana manja nthawi yaitali, osakweza maso, napitirira. Akanandituka ndikanapeza poyankhira.

Mpikisano wa makadi unatha chaka chinacho, chifukwa chimkuzamawu chinkalankhula ndi mbuzi. Chaka chomwecho a Nelesoni anawasamutsa, kunabwera mlangizi wina wa maso abwinobwino, ndipo thonje langa la kudambo analizula ndithu. Che Ndembo anakhala zaka zochepa ku Ntaja akukhoma ndowa. Akuti dengu sanaligwirenso, ndipo nkhani yake sanaiuze mwana ngakhale mmodzi. Ndiye adzukulu aja ndawakalipira chabe. Munthu sangakumbuke chimene sanauzidwe.

Pobwerera kusadaka ndinatsika minibasi ndisanafike kwathu, ndinakwera kabaza mpaka pamsika wakale. Shedi kulibe, malata anatha kalekale. Pamene panali sikelo patsala simenti yong'ambika, chisoso chamera m'ming'alu. Bwemba alipo, wakula, koma mbali imene inkapereka mthunzi wa masana anaidula kuti padutse mawaya a magetsi, ndiye pamalo pamene pankakhala debe pali dzuwa lokhalokha. Ndinakanda pansi ndi ndodo yanga. Tizidutswa ta malata tikadalimo m'dothi, tadzimbiri, todulidwa ngati mwezi watsopano, timene tinkagwa akamazunguliza pansi pa ndowa. Wa kabaza anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinati eya, koma si lero.

Usiku umenewo ndinamufotokozera Matilida za ulendo wonse, iye akudzola mafuta m'mawondo ake otupa. Ndinakalipira Azungu, ndinakalipira a Nelesoni, Kopolo ndi wezulo wake, mwini sitolo ndi sopo wake, wa tayi wa pa TV amene sakhala pansi. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenaka anatseka botolo lake.

"Mwamaliza, bambo a Lusiya? Onsewo mwawatchula bwino. Koma chibuma chija ndinakumba ndine, m'munda mwathu momwe, ndi manja awa, ndinachisenza mpaka kumsika mwana ali kumsana, kuti mwamuna wanga akanene mawu awiri. Bulangete lanu lija munafunda nokha mpaka linatha. Kapena zaka zonsezo simunaone kuti ine ndinkagona m'chitenje?"